Motoka ya Alamu Ikukana Kuyamwa Malaiti

Lolemba

Nyumba ino ipsa. Ndikulemba kuti ikadzapsa anthu adziwe kuti ine ndinanena.

Soketi ya kuchipinda yatentha. Ndaigwila ndi dzanja, ili monga kapu ya tiyi. Ndipo ili kumutu kwa bedi, pomwe agona Taonga, mwana wanga, amene sanayambe n'kukwawa komwe. Soketi ya pafupi ndi zenela ndi yokhayo, ndiye nthambo ya motoka yalowela pamenepo.

Motoka si yathu. Ndi ya alamu anga a Gideon, akulu awo a amuna anga, okhala ku Lusaka. Siimwa petulo, imadya malaiti monga foni. Anabwela nayo kuno ku Petauke sabata yatha kudzaionetsa kwa abale. Inaonekadi. Aliyense anakwela, kumsika, kubwela, kumsikanso, mpaka batile inatsala pang'ono. Alamu akwela basi kubwelela ku nchito. Motoka yatsala pansi pa zenela lathu, mphuno kukhoma.

Atate ake Taonga nawonso apita mailo, pa Sondo, ku Sandwe kukagula nshawa, mtedza wa malonda. Pochoka ati: "Palibe chovuta, amake Taonga. Mungolowetsa monga foni. Ikadzala munditumile foni, ndibwela." Loweluka ku Nyimba kuli ukwati wa mlongo wawo. Aipeleka kumeneko, alamu ailandila, apitilila nayo ku Lusaka. Ndiye ifunika idzale ndithu, chifukwa cha mapili a ku Luangwa.

Nkhani yonse ndi iyi. Ikadzala, ichoka. Ikapanda kudzala, ikhala pansi pa zenela la mwana wanga.

Pakati pa nthambo pali kabokosi, ndiko chaja. Kakayaka gilini, motoka ikuyamwa. Kakayaka kofiila, yakana. M'mawa gilini. Ndasesa, ndachapa matewela, mtima uli m'malo. Dzuwa litakwela pang'ono ndamva tii tii tii. Kofiila. Ndazula, ndalowetsanso. Gilini. Ndisanafike pakhomo, tii tii tii. Tsiku lonse kugwada pa soketi monga ndikupemphela.

Makiyi andisiila kuti ndiziona kachithunzi ka batile kutsogolo kwa dilaiva. Ikadzala timizele timafika khumi. M'mawa tinali tiwili. Madzulo tiwili tomwe tija.

Ndatulutsa matilesi, ine ndi Taonga tigona pa sitingi. Koma nyumba ndi ya zipinda ziwili chabe, ndipo moto sunena odi.

Lachiwili

Ndatumila alamu. Ayankha ali mu ofesi, mawu apansipansi. Ati ndiwelenge nambala ili pa kabokosi. Ndawelenga. Ati volteji yachepa, kutanthauza kuti malaiti akufika kwathu ndi ofooka, chaja siingawalandile. Ati: "Musaope mlamu. Chaja ija ndi yanzelu, imadziteteza yokha."

Imadziteteza yokha. Nanga ife?

Ndanena za soketi. Ati kutentha pang'ono ndiye kuti ikugwila nchito, ngakhale foni imatentha. Foni ine ndingaiponye pa zenela. Motoka iyi ndayesa kuikankha ndi msana kuti isunthe pang'ono kuchoka pakhoma, mawilo anauma gwa, ndangodzipweteka m'chiuno.

Lelo sindinazule kwambili, ndangokhala pakhomo kuyang'ana. Ndipo ndazindikila kanthu. A Daka, a nyumba yachitatu, owotchelela mageti ndi mafelemu a mawindo, akangoyatsa makina awo, kuno tii tii tii. Akapuma kukamwa madzi, gilini. Akabwelela, tii tii tii. Madzulo azimai akayatsa masitovu, babu yathu imafiila monga khala lozilala, ndipo kabokosi sikayesa n'komwe.

Ndi monga madzi a pampopi. Ife ndife nyumba yothela pa waya. Akumtunda akatsegula onse, kwa ife kungodontha.

Amene akudya malaiti asanafike kwa ine:
a Daka ndi makina awo
amai Sakala, mafiliji awili a nsomba, ndi sitovu
mtsikana wa saluni ndi zoumitsila tsitsi
bala ya pakona, nyimbo kuyambila m'mawa
onse a maaini ndi maketulo, sindingawathe

Kumudzi kwathu madzi akachepa pachitsime sitimenyana. Timagawana, awa m'mawa, awa madzulo, ndipo pakakhala wodwala kapena malilo onse amamusiila atunge yekha. Malaiti angasiyane bwanji? Mailo kukacha ndiyenda khomo ndi khomo.

Taonga lelo wayamwa bwino. Iye sasankha.

Lachitatu

Ndavala chitenge cha kutchalitchi, Taonga kumbuyo, khomo ndi khomo. Kugwada, kuomba m'manja. Pempho langa ndi limodzi. Tsiku limodzi chabe, mailo Lachinayi, aliyense azimitse zake, motoka iyamwe, ikhute, ichoke.

A Daka andilandila bwino, andipatsa ndi kampando. Ati za malaiti palibe awaposa m'layini muno, ndipo zimene ndaona n'zoona. Avomela. Ndikuimilila, ati paja Loweluka ali ndi kaulendo ka ku Nyimba kukaona mlongo wawo, kodi mpando wakutsogolo uli ndi munthu? Ndati ulibe.

Amai Sakala ati nsomba zingapilile tsiku limodzi ngati filiji siitsegulidwa. Nawonso, mwamwayi, afuna ku Nyimba kukaoda nthochi. Ati koma kutsogolo, kumbuyo amasanza. Ndati chabwino.

Wa saluni ati iye ndi mnzake. Ku ukwati sanaitanidwe, angofuna kukaona madilesi ndi mitu.

Mwini bala sanafune mpando wake. Wafuna wa apongozi ake, amene anabwela kudzacheza nthawi yokolola ndipo akali kucheza. Kwawo ndi ku Kacholola. Ati n'kupitilila Nyimba pang'ono chabe. Wandipelekeza mpaka kumsewu, wandigulila ndi dilinki.

Sindinadziwe kuti anthu onse a m'layini muno ali ndi abale ku Nyimba!

Motoka ili ndi mipando isanu. Wina ndi wa dilaiva, wina wanga ndi mwana. Ndinasiya kuwelenga ndili pakati pa layini. Wakutsogolo wokha ndaupeleka katatu. Zimenezo adzaziona atate ake Taonga akabwela. Ine yanga ndi soketi.

Ndainunkhiza ndisanagone. Kafungo kalipo. Kapena ndi mphuno zanga, kaya.

Lachinayi

Onse asunga pangano. Bala zii. A Daka ali pa benchi, manja m'matumba. Amai Sakala amanga mafiliji ndi lamba wa njinga kuti ana asatsegule. Ndalowetsa pulagi. Gilini! Ndayamba nyimbo ya kwaya.

Sindinafike pa vesi yachiwili. Malaiti apita. Tauni yonse.

Lodishedingi. Tonse timadziwa kuti amapita, tonse tili ndi mbaula chifukwa cha chomwecho, koma palibe ndi mmodzi yemwe anakumbuka kuti lelo ndi tsiku lathu la m'mawa. Ndinapempha anthu kuti azimitse malaiti pa tsiku lopanda malaiti.

Poti palibe chochita, anthu a m'layini abwela kudzaona motoka yawo. Aizungulila, adziyang'ana pa magalasi, wina wapukuta fumbi pa chitseko chimene ati ndi chake. Amai Sakala ati: "Ikanakhala ya petulo sembe tapita kale ndi kubwela." Ana akwela pamwamba, ndawathamangitsa, ndati ilumana. Mwina ilumanadi, ine sindidziwa.

A Daka ati tsiku lawo lapita pachabe koma iwo si munthu wodandaula. Angoonjezela kuti ku Nyimba apita ndi geti imene anapangila mlongo wawo, tidzamanga pamwamba.

Malaiti abwela madzulo. Layini yonse yadzuka kamodzi. Masitovu, maaini, bala, makina a a Daka kuthamangitsa nchito ya tsiku lonse. Babu yathu sinayake n'komwe, kangofiila kawaya ka mkati. Tii tii tii.

Ndayendanso khomo ndi khomo, maondo ayamba kuzolowela. Avomela za mailo, koma manje ati ulendo ukhale wopita ndi kubwela. Kubwela pa chiyani, poti motoka itsala ku Nyimba ndi eni ake? Ndangoti zikomo.

Ndatumila atate ake Taonga. Ku Sandwe netiweki amaipeza pamwamba pa chulu. Ndamva chabe "yadzala?" Ndati soketi ikununkha. Ati "chabwino, pitilizani." Yaduka.

Timizele tiwili.

Lachisanu

Malaiti alipo. Onse azimitsa. Layini yonse zii monga pagwa malilo, ndikumva ndi nkhunda za kuseli kwa msika.

Gilini. Ndakhala pansi, ndikuyamwitsa Taonga, motoka nayo ikuyamwa. Ndati lelo Mulungu wandikumbuka. Ndalowa kuchipinda, ndayatsa babu kuti ndione soketi bwino. Kuwala kwake! Monga kuchipatala. Ndaona ndi maukonde a akangaude amene sindinawaonepo chilowele m'nyumba muno. Kenako phaa. Babu yaphulika. Magalasi pabedi ponse, pomwe Taonga amagona masiku onse.

Tii tii tii. Kofiila.

Ndatumila alamu, ndawelenga nambala. Ati manje volteji yakwela kwambili. Ati poti palibe wina akudya, malaiti onse akuthamangila kwa ife. Chaja siifuna ochepa, siifunanso ambili. Ndati nanga ifuna otani? Ati apakati.

Sabata yonse palibe anandiuza za apakati.

Ati nditumile a ku ofesi ya malaiti. Ndatuma. Wayankha mai waulemu, walemba zonse, ati adzabwela kudzapima. Sananene mwezi.

Ndathamanga kwa a Daka. Munthu amene ndamugwadila kawili kuti azimitse, lelo ndikumugwadila kuti ayatse. Ndati awotchelele pang'ono chabe. Ayatsa. Kofiila, achepa. Azimitsa. Kofiila, achuluka.

Ndiye tayamba kuyesa monga kuika mchele mu ndiwo. Filiji imodzi ya amai Sakala, akali ambili. Mafiliji awili, akali ambili. Mafiliji awili ndi sitovu, ndi choumitsila chimodzi ku saluni, gilini! Amai Sakala ayamba kuwilitsa madzi opanda nchito, mphika kuchotsa, mphika kuika. Wa saluni choumitsila chikulila pa mpando wopanda munthu. Ine pakati, mwana kumbuyo, diso limodzi pa kabokosi, kukuwa pa mpanda kuti onjezani, chepetsani, onjezaninso. Wina akangoyatsa aini mobisa, tiyambenso. Madzi otentha adzala mabafa onse. Ana a m'layini muno asambitsidwa kawili, ena akulila, ati alakwa chiyani.

Timizele titatu!

Koma gilini ikakhalitsa, soketi ndiye ikwiya. Lelo sindingaigwile n'komwe. Fungo lake monga mbale ya pulasitiki yoiwalika pa mbaula, ndipo si mphuno zanga, amai Sakala alimva ali pa mpanda, afunsa kuti ndapseleza chiyani. Ndazula pulagi ndi nsalu yonyamulila mphika.

Kakafiila ndiopa, chifukwa motoka sichoka. Kakayaka gilini ndiopa, chifukwa khoma likupsa. Sindidziwa kuti ndipemphelele mtundu uti.

Ndakutumula bedi panja katatu. Ndikali kupeza tumagalasi.

Loweluka

Afika m'mamawa, atavala.

a Daka, suti, ndi geti
amai Sakala, madengu anayi opanda kanthu
a saluni atatu, mnzake uja wabwela ndi mnzake
apongozi a mwini bala, nkhuku ziwili, matilesi
ena sindiwadziwa, ati anazimitsa aini

Ndapita kuseli kwa nyumba, ndatumila atate ake Taonga. Ati yadzala? Ndati titatu. Ati: "Ndiye ndibwelele chiyani, amake Taonga? Kuno anzanga akutha nshawa." Ukwati wa mlongo wawo ati adzauona pa foni.

Anthu sindinawauze. Ndati ali m'njila.

Dzuwa lakwela. Amai Sakala apempha kuti akhale mkati, kutsogolo, wina asanalande. Ndatsegula. Sindidziwa alowa angati, ndangoona kuti chitseko chatsekedwa ndi bondo. Wa saluni wapeza batani la mphepo yozizila, kenako la wailesi. Akweza magalasi. Apongozi agona tulo, pakamwa yasa. Ndagogoda pagalasi kuti azimitse, andibaibitsa. Ndakuwa kuti mukutha batile. Amai Sakala atsitsa galasi pang'ono, ati ithe bwanji poti injini siikulila, akwezanso.

Masana ndasuzumila. Kamzele kamodzi, nako kofiila. Zonse zimene tinawilitsila madzi mailo zapita mu mphepo yozizila.

Ndiye ndanena zoona, kuti dilaiva kulibe ndipo ulendo kulibe.

Amai Sakala ati nsomba zawo zafewa chifukwa cha ine, kuyambila lelo moni wanga ndisunge. A saluni ati anakana makasitomala a ukwati wina kuti aone ukwati uwu. Osadziwika aja ati akayatsa maaini awo usana ndi usiku. Apongozi akana kubwelela ku bala, ati mkamwini wawo wachotsa kale bedi m'chipinda chawo, waikamo makileti a mowa.

A Daka okha sanakwiye. Avula jekete, atenga kabokosi, akatembenuza uku ndi uku. Ati: "Vuto si malaiti, amai. Makina anga adya malaiti omwewa zaka zonsezi, sanakanepo. Vuto ndi kabokosi aka. Ndi kamantha." Ati kabokosiko akadula, alumikiza waya molunjika kuchoka pa mita kufika pa motoka, imwe ifune isafune. Ndati soketi yapsa kale ndi kabokosi kalipo, nanga kakachoka? Ati n'chifukwa chake soketi tiilambalala, waya adutsa pamwamba pa chitseko.

Atumila atate ake Taonga pa foni yawo. Netiweki yagwila bwinobwino, palibe kuduka, mpaka kuseka. Amuna anga avomela. Ati a Daka ndi katswili, ine ndisawasokoneze. Nchito ndi Lolemba m'mawa, poti mailo ndi Sondo ndipo a Daka ndi akulu a mpingo.

Alamu ndawatumila kanayi. Ayankha kamodzi, kumbuyo kuli ng'oma ndi nthungululu. Ati akhumudwa, anauza anthu onse kuti mkwatibwi akwela motoka yosalila. Za a Daka sanamve, ati tidzakamba kumapeto kwa mwezi.

Geti yatsala pano, yatsamila motoka.

Sondo

Kutchalitchi sindinapite. Layini yonse ipemphela mpingo umodzi, ndilibe benchi yokhalapo.

Soketi yada, mbali imodzi yasungunuka monga kandulo. Ndazimitsa malaiti onse pa mita. Taphika pa mbaula. Sabata yonse kuvutikila malaiti, ochepa, ambili, apakati, mathelo ake ndakhala wopanda malaiti mwa kufuna kwanga. Motoka ili pomwe inali, yanjala kuposa mmene anaisiila eni ake. Anzanga ndilibe. Ndapindula apongozi a eni. Agona kwathu, adya kwathu, nkhuku zawo zili pansi pa motoka. Koma Taonga amamunyamula bwino, ndiye ndingowasiya.

Kabokosi ndakatukwana sabata yonse. Lelo ndakayang'ana ndi maso ena. M'nyumba muno, m'layini muno, amene tinanena kuti iyayi tili awili chabe, ine ndi iko. Ndipo iko kakati iyayi, zinthu zimaima. Mailo a Daka adzakadula.

Ndakakulunga mu chitenge, ndakabisa pansi m'thumba la chimanga. A Daka pochoka kutchalitchi aima pa mpanda, Baibulo m'khwapa, kundifunsa ngati tadzuka bwino. Ndati tadzuka, koma chaja yasowa ndi nthambo yake yomwe, mwina ana. Amwetulila. Ati: "Musavutike kufunafuna, amai. Waya ndili naye wambili."

Foni yathima, ndipo ndiopa kuichaja. Pepala ili nding'amba, ndipatsa wa njinga yamoto amene apita ku Kaumbwe, kumudzi kwathu, masana ano.

Atata, ndine mwana wanu, amake Taonga. Musafunse zambili, ndidzakuuzani mukafika. Pansi pa zenela langa pali motoka ya malaiti, ndipo mailo m'mawa kubwela munthu kudzailumikiza ku mita ndi waya wake wa mageti. Khoma lapsa kale mbali imodzi. Mkamwini wanu ali ku Sandwe, wavomela pa foni. Ine ndakana koma mawu anga safika patali. Inu akakuonani mwakhala pakhomo ndi ndodo yanu, sangalowe. Bwelani ndi ng'ombe zonse ziwili ndi tcheni, tiikokele kutali ndi nyumba, ngakhale ku bwalo la mpila, mawilo afune asafune. Ng'ombe zikachedwa, tsogolani inu, zizibwela pambuyo. Mdzukulu wanu ali bwino, ndili naye panja pansi pa mango, m'nyumba sitilowa. Musadikile kuche, Atata. Nyamukani mukangowelenga, bwelani lelo lomwe.